Miyezi 8 ndikutumiza ma SMS pa API ija: za bilu, mzere ndi ka apostrofe

Mnzanga wa ku Nkhotakota anandiimbira Lachiwiri usiku, akuti aise, ndapeza kaganyu kopangira sukulu ina ya private pulogalamu yokumbutsa makolo za fizi, kodi kampani ya ma SMS ija umagwiritsa ntchito iwe ili bho? Ndinamuuza kuti dikira ndikulembera, chifukwa tsiku lomwelo ndinali nditangolipira bilu yomwe inandipweteka mpaka m'mimba, ndikanayankha pompo ndikanangotukwana basi. Lero mtima wazizirako, nde ndilembe zonse, kuphatikiza pomwe ndinapusa ndekha.

Mwachidule, ndinapangira magulu a banki m'khonde kuno ku Salima kapulogalamu kakang'ono, ena ndi amayi olima mpunga mbali ya Lifuwu, ena ogulitsa usipa ku Senga Bay. Msungichuma amalemba masheya ndi ngongole pa Google Sheets, kapulogalamu kanga kamawerenga nkutumizira aliyense meseji yomukumbutsa tsiku lobweza. Onse pamodzi ndi anthu pafupifupi 600 ndipo ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, za WhatsApp iwalani. Mayuniti a SMS ndimagula ku kampani ina yomwe ili ndi API, khomo lomwe kapulogalamu kanga kamalankhulira ndi makina awo, dzina sinditchula, mnzangayo akulidziwa.

Zabwino zilipo, ndisaname. Kulumikiza kunanditengera madzulo amodzi. Meseji imafika ku manambala a Airtel ndi TNM onse, pamwamba pamaoneka dzina la gulu osati nambala yachilendo. Chachikulu, ndimalipira mu kwacha pa foni pomwepa. Amene munali ndi zinthu zolipira mu madola pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukumvetsa chomwe ndikunena, ine chiyambireni Heroku, kampani yoikapo mapulogalamu pa intaneti, kutseka zaulere kumapeto kwa 2022 ndimathawa chilichonse chofuna khadi ya ku banki.

Malire oyamba kugundana nawo anali a Sheets ndipo apo wolakwa ndinali ine. Code yanga imafunsa mzere umodzi umodzi, munthu aliyense funso lake, pomwe Google analemba poyera kuti akaunti imodzi imaloledwa kuwerenga ka 60 pa mphindi, project yonse ka 300. Nde ndikangofika pa munthu wa 60 ndi kenakake seva imandibwezera 429, ija yotanthauza kuti wafunsa mowirikiza, puma kaye. Ndinakonza tsiku limodzi. Pano ndimakoka sheet yonse kamodzi m'mawa nkuisunga mu SQLite, kankhokwe ka data ka pa laputopu yanga, tsiku lonse ndimawerenga mmenemo, ndipo 429 ikabwera code imadikira sekondi 1, ikakananso 2, kenako 4, 8, choncho. Zili ngati pa mjigo, waika chidebe pa mzere, ukudziwa amene ali patsogolo pako, sudandaula. Malire otere ine ndilibe nawo mlandu.

Mlandu ndili nawo ndi malire obisika a kampani ya ma SMS ija.

Mwezi wachitatu, Lolemba m'mawa cha m'ma 7, ndinatumiza mameseji onse 600 nthawi imodzi monga mwa nthawi zonse. API inayankha 200 pa iliyonse, nambala yotanthauza kuti zatheka, dashibodi yonse yobiriwira, mayuniti adula onse. Ine nkumadzimva dolo. Lachinayi mayi msungichuma wa gulu lina la ku Lifuwu anandiimbira, akuti achimwene tabwerani mudzaone nokha, amayi akukana chindapusa akuti uthenga wanu sunabwere. Ndinakwera kabaza dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza akhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, bokosi la maloko atatu lili pakati, mbale ya chindapusa ilibe ngakhale kakobiri. A tcheya anandipatsa kampando nkuti a mphunzitsi, chifukwa kumeneko aliyense wonyamula laputopu ndi mphunzitsi, tiuzeni wabodza ndani, makina anu kapena amayiwa. Ndinayamba kutenga foni imodzi imodzi, zina zomangidwa ndi mphira, zina sikirini yosweka moti umawerenga mopendeketsa. Awiri inbox inali yodzadza, chabwino, limenelo si vuto langa. Koma enawo malo analipo, netiweki inalipo, meseji kunalibe. Nditayang'ana ndandanda yanga ndi pomwe thukuta linasintha mtundu: a Banda onse analandira, a Chirwa analandira, kufika kwa a Phiri, a Tembo ndi a Zimba kunali zii. Ndandanda yanga imayenda motsatira zilembo. Kutanthauza kuti penapake pali chipata chomwe chimalowetsa oyambirira okha, otsalawo chimawataya mwakachetechete, koma ndalama chimadula za onse.

Chindapusa cha tsiku limenelo anakhululukirana, ine ndinabwerera ndi manyazi komanso kathumba ka mpunga komwe mayi wina anandipatsa mwachisoni.

Ndinafufuza mu ma docs a kampaniyo, malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka API, mzere ndi mzere, palibe pomwe analemba kuti pa sekondi kapena pa mphindi amalola angati. Palibe 429, palibe Retry-After yokuuza udikire nthawi yaitali bwanji, chonsecho 429 inakhazikitsidwa kale mu 2012, si chinthu chachilendo kuti munthu wopanga API asachidziwe. Ndinawalembera pa WhatsApp, tick ziwiri za buluu, yankho linabwera mawa lake: tikuona bwana. Patatha masiku atatu: ndi netiweki ya kumudzi bwana. Netiweki yanji yosankha a Banda nkusiya a Phiri okhala nyumba zoyandikana?

Nde ndinachita zoyesa ndekha, ndi ndalama zanga. Usiku ndinaika mafoni atatu pa tebulo, yanga, ya mkazi wanga ndi ya mlamu wanga, nkumatumiza mameseji olembedwa manambala 1, 2, 3 mpaka 50 pa liwiro losiyanasiyana ndikuwerenga zomwe zafika. Mkazi wanga anatopa ndi kulira kwa foni mpaka anakaisiya mu dengu la ufa. Chomwe ndinapeza nchakuti ndikatumiza imodzi pa masekondi awiri aliwonse palibe yosowa. Ndinapanga mzere, anthu 600 amatha mu mphindi 20, ndipo palibe mayi amene amasamala ngati meseji yafika 7 koloko kapena 7:20. Kenako panabuka lina, magetsi anazima mzere uli pakati, laputopu yanga batire inafa kalekale, nditayatsanso inayambira pachiyambi nde a Banda omwewo analandira kawiri nkuyamba kufunsa ngati ngongole yawo yawirikiza. Pano meseji iliyonse ikatuluka ndimaichonga mu SQLite, ikadzuka imapitiriza pomwe inasiyira. Delivery report yawo, uthenga wonena kuti meseji yafika, sindiidalira, ina imabwera madzulo, ina sibwera nkomwe.

Wina anandilangiza kuti tsegula ma akaunti atatu ugawe anthuwo, mwachangu zitheka. Ndinayesa yachiwiri, ndivomere. Dzina la gulu anali asanalivomereze pa akaunti yatsopanoyo nde meseji inafika ndi nambala yachilendo, ikunena za ndalama ndi tsiku lobweza, amayi aku Senga Bay anangoti awa ndi akuba aja a tumizani pa nambala iyi, anafufuta osawerenga nkomwe ndipo sindingawadzudzule, akuba amenewo atilira mokwanira. Komanso ndinaganiza kuti akadzazindikira nkutseka zonse ziwiri, mayuniti anga onse apita. Ndinaisiya sabata yomweyo.

Tsopano bilu ya Lachiwiri ija. Mwezi wathawu mayuniti omwe amandikwanira mwezi wonse anatha pa sabata imodzi ndi theka. Ndinaganiza kuti wina waba API key, kiyi wachinsinsi wa akaunti yanga, ndinasintha, ndinayang'ana ma log usiku wonse, mameseji anali omwewo 600 pa sabata, palibe yowonjezera. Chomwe chinasintha ndi mawu a meseji basi. A tcheya a gulu lina anati yanga ija inali youma ngati ya kupolisi, nde mwana wawo anawalembera ina yaulemu pa Word nkunditumizira, ine ndinangokopera nkumata. Zilembo 150, ndinawerenga, sizinapyole 160. Koma mu mawu akuti pang'ono Word inasintha apostrofe yowongoka ija kukhala yopindika, komanso mwanayo ndi wa Chichewa cha kusukulu, analemba Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa. SMS imanyamula zilembo 160 pokhapokha zonse zili mu ndandanda ya GSM, ya zilembo wamba za SMS, ndipo ŵ ndi apostrofe yopindika mulibemo. Kakangolowa kamodzi kokha meseji yonse imasanduka Unicode, kalembedwe komwe chilembo chilichonse chimadya malo ambiri, malire amatsika kufika 70, ndipo ikakhala yaitali amaidula mu zidutswa za 67. Werengani nokha, 150 kugawa ndi 67, zidutswa zitatu. Ndimalipira katatu pa munthu aliyense chifukwa cha kachizindikiro komwe pa sikirini sungakasiyanitse ndi kanzake. Chichewa chathu chadzadza ng', m', n', ndiye aise wa ku Nkhotakota iwe, meseji ya fizi ya a hedi ikadzabwera kuchokera pa Word udzaisefe kaye. Ine pano code imasintha apostrofe zonse kukhala zowongoka, ŵ kukhala w wamba, ndipo ikapeza chilembo china chachilendo imakana kutumiza.

Apa nkhani ya GSM si mlandu wa kampani, ndi mmene SMS inapangidwira kulikonse. Mlandu wawo ndi woti dashibodi imalemba meseji 1 pomwe yadula 3, ndipo palibe chenjezo lililonse. Ndinaona izi pa risiti yokha, mu timalemba tating'ono.

Lachiwiri ndinali nditatsimikiza kuti ndasiyana nawo. Lachitatu m'mawa ndinalemba kalata yaitali yokhala ndi ma screenshot, manambala a mameseji otayika a mwezi wachitatu uja ndi za bilu, sindimayembekeza kanthu chifukwa anthuwa ndinawazolowera, ukafuna kugula mayuniti amayankha mphindi zisanu zisanathe, ukadandaula amakhala ngati apita ku maliro. Koma masana anaimba mtsikana wina yemwe sindinalankhulepo naye, osati wa tikuona bwana uja. Anati achimwene pepani, malire alipodi pa akaunti zazing'ono, anayenera kulembedwa, ndipo ananditchulira chiwerengero chake, chomwe chinali pafupi ndi chomwe ndinapeza ndi mafoni a pa tebulo aja. Miyezi isanu ndikupempha chiganizo chimodzi chimenechi. Anandibwezera mayuniti a mameseji otayika a sabata ija, za apostrofe anati sangathe, bwana wake wakana. Ndinamufunsa ngati angandilembere malirewo pa email kuti ndikhale ndi umboni, anaseka pang'ono nkuti ayesa. Mpaka pano sinafike.

Nde aise, yankho lako nali. Pa sukulu ya ana mazana angapo, ngati uika mzere wako wekha, kusefa zilembo komanso kuika nambala yako kumapeto kwenikweni kwa ndandanda kuti ukalandira udziwe kuti onse adutsa, itha kukugwirira ntchito, ndipo mtengo wake mu kwacha sindinapeze wotsika kuposa pamenepo. Koma usagule mayuniti ambiri nthawi imodzi ngakhale akunyengerere ndi kuchotserako, gula a mwezi umodzi basi, ndaona kuti amamva bwino munthu amene mayuniti ake atsala pang'ono kutha. Ndipo pa mtengo womwe uuze a sukulu uikepo kenakake ka zoyesera, ine zanga zija palibe anandibwezera, magulu amandilipira ndalama yomweyo mwezi uliwonse ndiye bilu yotripula ija inatuluka mu ndalama ya lendi.

Ineyo ndatsala ndi mayuniti ofika nawo kumapeto kwa mwezi. Dzulo ndatsegula akaunti yoyesera ku kampani ina, funso langa loyamba linali loti mumalola angati pa sekondi ndipo munalemba pati. Akandiyankha ndikuuza. Mlamu wanga wandiuziratu kuti ulendo uno foni yake sabwereketsa.