Galaja ya ku Salima yomwe inalongosola mapaipi a Suzuki GN250 yakale

Magalaja ambiri a njinga zamoto pa Kamuzu Road anazolowera njinga za kabaza, zomwe mpopi wake wa petulo umangotsegulidwa ndi kutsekedwa ndi dzanja, choncho munthu amene ali ndi njinga yakale ya ku Japan ayenera kusankha bwino kokaisiya. Galaja imene ndikuifotokoza pano ndi yaing'ono, ili chakumsewu wopita ku Senga Bay, ndipo mwini wake ndi bambo wachikulire amene amagwira ntchito ndi anyamata awiri. Ndinawapatsa Suzuki GN250, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1982, kuti abwezeretse bokosi lake la mpweya lomwe mwini wakale analichotsa n'kuikapo kafyuluta kongomangirira kukamwa kwa kabuleta, komanso kuti alongosole mapaipi a labala omwe ankangolendewera pansi pa thanki.

Bambowa sanathamangire kulumikiza chilichonse. Anayamba atsata paipi iliyonse ndi chala kuchokera kumene yayambira, ndipo anandiuza kuti pa mapaipi onsewo, yoyenera kulowa m'bokosi la mpweya ndi imodzi yokha, ija yonenepa yochokera pa injini, imene imatulutsa mpweya wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo. Apa ndi pamene amakaniko ambiri amasokera, chifukwa akaona paipi ilibe kolowera amaganiza kuti kwawo ndi kubokosi.

Paipi yopyapyala yochokera pa mpopi wa petulo ndiyo inawatengera nthawi. Mpopi wa njinga imeneyi uli ndi malo atatu olembedwa ON (poyendera masiku onse), RES (petulo wotsalira pansi pa thanki) ndi PRI, ndipo pa ON ndi pa RES petulo satsika pokhapokha injini ikamazungulira, chifukwa mkati mwa mpopiwo muli kalabala kopyapyala kamene kamatsegula njira kakakokedwa ndi mphamvu yoyamwa ya injini. Mphamvu imeneyi imapezeka pakati pa kabuleta ndi injini, osati m'bokosi la mpweya, momwe mpweya umakhala pafupifupi wofanana ndi wakunja. Pa njinga yanga, kachitsulo kolumikizirapo paipiyi kanali katatsekedwa ndi sikuluu, ndipo njinga inkayendera pa PRI nthawi zonse. Malo a PRI amenewa anapangidwira kudzazira kabuleta ikauma, mwachitsanzo njinga ikakhalitsa osayenda, ndipo amalola petulo kutsika ngakhale injini itazima. Bambowa anatsegula pothirira oyilo, ananunkhiza, kenako anandipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Munali fungo la petulo. Singano ya fuloti, imene imatseka petulo kabuleta ikadzaza, inali itatha, moti usiku petulo ankadontha pang'onopang'ono kudutsa m'kabuleta mpaka kukasungunula oyilo wa mu injini.

Kayesedwe kawo ka mpopi ndi kosavuta koma n'komveka. Anachotsa paipi ya petulo n'kuilozetsa m'kabotolo, analumikiza paipi yatsopano yoyera pa mpopi, ndipo anayamwa ndi pakamwa. Petulo anayamba kutsika, atasiya kuyamwa anaima. Anaonanso ngati m'paipi yoyamwirayo mwalowa petulo, chomwe chikanasonyeza kuti kalabala kaja kang'ambika, koma munali mouma.

Mapaipi a kabuleta otayira petulo ndi opumira anawadutsitsa kumbuyo kwa injini n'kuwalozetsa pansi, kutali ndi ekizozi komanso osati moyang'anizana ndi tayala lakumbuyo. Chifukwa chake n'chakuti petulo akasefukira ayenera kugwera pansi pomwe mwini njinga angamuone, osati kubisala m'bokosi n'kunyowetsa fyuluta, ndipo paipi yopumira ikapindika kapena kutsekeka ndi matope, petulo salowa bwino m'kabuleta ndipo njinga imatsamwa pamene ili pa liwiro. Kapaipi kapansi pa bokosi, kosonkhanitsa oyilo ndi madzi, anakaikira chotsekera chake ndipo anandilangiza kuti ndizikatsegula posintha oyilo.

Pa nkhani ya mtundu wa paipi ndinagwirizana nawo kwathunthu. Anakana kugwiritsa ntchito timapaipi ta pulasitiki toonekera mkati tomwe timagulitsidwa m'mashopu a sipeya za kabaza, ponena kuti timauma ndi kutentha kwa kuno kunyanja ndipo tikayamwidwa timaphwatalala. Tisaiwalenso kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota kuyambira mu 1982, ndipo labala wakale wa njinga zoterezi sachedwa kuuma kapena kufufuma naye. Paipi imodzi yakale ataipinda inathyoka ngati chinangwa chouma.

Zodandaulitsa zilipo. Ntchito imene analonjeza kuti itha msanga inachedwa chifukwa cholumikizira cha labala cha pakati pa bokosi ndi kabuleta chinayenera kuchokera ku Lilongwe, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundiuza za kuchedwako mpaka nditapitako ndekha. Salemba lisiti losonyeza mtengo wa sipeya padera ndi wa ntchito padera, moti munthu umangolipira ndalama yatchulidwayo. Chinanso n'chakuti pa paipi ya pa injini anyamata aja anamanga ndi waya m'malo mwa kilampu, ndipo anasintha nditachita kufunsa. Malo ogwirira ntchito ndi a mchenga, zomwe sizabwino pomasula kabuleta, ngakhale bambowa amayala chiguduli choyera ndi kuika tizitsulo ting'onoting'ono m'mbale.

Zotsatira zake ndi zimene zandichititsa kulemba izi. Njinga tsopano imalira mosadukiza ili chiimire, sichitanso chidodo ndikakoka mafuta potuluka m'tauni kulowera ku Chipoka pa msewu wa M5, ndipo pansi pomwe imagona sipakhalanso dontho la petulo. Nditadutsa m'misewu yafumbi ya ku Lifuwu ndinatsegula bokosi ndipo ndinapeza fumbi lonse lakodwa kunja kwa siponji ya fyuluta, mbali yoyang'ana ku kabuleta ili yoyera. Mtengo wake ndi wokwererapo poyerekeza ndi magalaja a kabaza, koma amene ali ndi njinga yakale ya mpopi woyamwa angachite bwino kupita nayo kumeneko, bola agwirizane za mtengo ndi tsiku lotengera asanasiye makiyi.