Chicago Cubs ya 2016: ndalama sinalowe m'madzi, koma Joe Maddon anatsala pang'ono kutipha ndi mtima

Munthu wokhala ku South Bend kuno ku Indiana akafuna kukaonera Cubs, timu ya baseball ya ku Chicago, tsiku lonse lapita. Ukwere sitima ya South Shore mpaka mumzinda wa Chicago, usinthe ukwere ya Red Line, utsike pa Addison, ndiye wafika pa Wrigley Field, bwalo la Cubs. Uwonjezepo tikiti, hot dog ndi chakumwa, ndalama ya sabata yagwedezeka. Ndiye funso langa pa sizoni ya 2016 ndi la wogula: zomwe tinalipira, kaya pageti kaya pa TV, tinazipeza?

Tinazipeza, mpaka basela. Timuyi inapambana masewero 103, n'kugonja 58 okha, ndipo St. Louis Cardinals, adani athu a nthawi zonse, anatsalira m'mbuyo ndi masewero 17 ndi theka. Mwa masewero 31 oyambirira inapambana 25. Inamenya ma run (zigoli za baseball) 808, anzawo n'kuimenya 556 basi. Kris Bryant anamenya home run, kutulutsa mpira kunja kwa bwalo, ka 39 n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu National League, ligi imene Cubs imasewera, Anthony Rizzo ka 32. Pa 21 April Jake Arrieta anaponya sewero lonse ku Cincinnati popanda ndi mmodzi yemwe womenya mpira n'kufika pa base, Cubs n'kupambana 16-0.

Koma ambiri akamakamba za chaka chimenechi amathamangira nkhani ya zaka 108, yakuti chikho chomaliza cha World Series, mpikisano wotsiriza wa baseball ya ku America, chinali cha 1908, ndi ija ya mbuzi imene inathamangitsidwa pabwalo mu 1945 mwini wake n'kutemberera timu. Nkhanizo n'zokoma pomwera tiyi. Ine chimene ndinkalipirira chinali china: anyamatawa ankadziwa kugwira mpira. Mpira ukamenyedwa pansi pakati pa Addison Russell ndi Javier Báez, unkangodziwiratu kuti womenyayo abwerere kukakhala pansi. Báez ali ndi kagwiridwe kake kake. Wothamanga akamaba base yachiwiri, iye sayang'ana n'komwe, mpira ukungolowa m'golovesi dzanja lili kale pamwendo wa munthu. Pa TV zimenezi zimaoneka ngati mwayi. Ukakhala pabwalo umaona kuti wanyamuka pamalo pake mpira usanaponyedwe.

Ndi chifukwa chake oponya onse ankaoneka ngati akatswiri. Jon Lester anapambana 19 n'kugonja 5. Koma wanga ine anali Kyle Hendricks, wophunzira wa ku Dartmouth amene anzake amamutcha Professor. Mpira wake wothamanga kwambiri sunkafika kawirikawiri pa mamailo 90 pa ola, pamene ena akuponya 100. Nkhope yake sinkasintha, kaya zikuyenda kaya zavuta. Ankangouika mpira pakona, wotsatira n'kuuchedwetsa pang'ono, womenya n'kukhala atazunguza kale ndodo m'malere. ERA yake, avareji ya ma run amene woponya amalola pa ma inning (zigawo za sewero) 9, inali 2.13, yotsika kuposa ya woponya wina aliyense amene anaponya ma inning okwanira mu Major League chaka chimenecho. Kumuonera kunali ngati kuonera gogo akusewera bawo ndi mnyamata waphuma: sakweza mawu, koma pomwe uzizindikira nkhomo zako zatha.

Zolakwika zinalipo, ndipo wogula ayenera kuzitchula. Jason Heyward anabwera ndi kontrakiti ya zaka 8 ya madola 184 miliyoni, koma ankamenya bwino ka 23 kokha pa mwayi 100 uliwonse (.230), ndi ma home run 7 okha. Akaima ndi ndodo anthu ena pabwalo ankaona kuti ndi nthawi yabwino yokagula mowa. Kugwira mpira kokha ndiye sankaphonya, mpaka analandira Gold Glove, mphoto ya ogwira mpira bwino. Kyle Schwarber anavulala bondo pa 7 April ku Arizona atawombana ndi Dexter Fowler, sizoni yake n'kuoneka ngati yathera pomwepo. Kumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July timu inagwa ulesi, kugonja kotsatizana, mpaka tinayamba kufunsana ngati matenda akale abwerera.

Ndiye pali za Aroldis Chapman. Theo Epstein, mkulu woyendetsa timu nthawi imeneyo, anamutenga woponyayu ku New York Yankees mu July, n'kupereka Gleyber Torres ndi ena. Chapman anali atangoimitsidwa masewero 30 kumayambiriro kwa chaka chomwecho pansi pa malamulo a ligi okhudza nkhanza za m'banja. Kuponya amaponyadi, mpira sumauona. Koma ine kumuombera m'manja kunkandivuta, ndipo amayi a kwathu kuno ankatuluka pabalaza iye akalowa. Imeneyi ndi mbali ya katunduyu imene sindinaikonde, ngakhale kuti popanda iye mwina chikho sichikanabwera.

Mu October, m'mipikisano yochotsana, anyamata athu anachotsa San Francisco Giants masewero 3-1, sewero lomaliza atatsalira 5-2 n'kumenya ma run 4 mu inning ya 9. Kenako Los Angeles Dodgers 4-2. Mu World Series, momwe chikho chimapita kwa woyamba kupambana masewero 4, Cleveland inatsogola 3-1 ndipo masewero awiri oyamba a pa Wrigley tinagonja onse. Schwarber, amene tinkati tidzamuona chaka chamawa, anatulukira madotolo atamuloleza kumenya kokha, n'kumenya bwino ka 7 pa mwayi 17. Sewero la 5 tinapulumuka 3-2, Chapman ataponya mipira 42 kuti atulutse anthu 8. Apo palibe wodandaula, kunalibe mawa.

Mlandu wa mphunzitsi Joe Maddon ukuyambira pa sewero la 6. Russell anali atamenya kale grand slam, home run yobweretsa ma run 4, tikutsogola 7-2 mu inning ya 7, ndiye mphunzitsi akuitananso Chapman yemwe uja. Rizzo atawonjezera kufika 9-2, munthuyo anabwererabe kukayamba inning ya 9. Kumutopetsa chifukwa chiyani mawa kuli sewero lalikulu?

Pa sewero la 7, pa 2 November ku Cleveland, zinthu zinayamba mokoma. Fowler anamenya home run pa mwayi woyamba weniweni, kwa Corey Kluber. Pofika inning ya 5 tinali pa 5-1, Hendricks akuponya mwaulemu wake, awiri atatuluka kale. Anangolola Carlos Santana kupita pa base yoyamba, Maddon uyo watuluka kudzamulanda mpira. Ndinaimirira pampando. Munthu wotsogola ligi yonse, sanatope, sanasokonezeke, mukumuchotseranji? Lester analowa, mpira umodzi unamupulumuka n'kugunda chigoba cha kumaso cha David Ross, wowakha mipira kuseri kwa womenya, othamanga awiri n'kulowa. 5-3. Ross yemweyo, wa zaka 39, pa sewero lake lomaliza, anabweza ndi home run kwa Andrew Miller. Koma mu inning ya 8, Cleveland itabweza kale run imodzi, Chapman wotopa uja anakumana ndi Rajai Davis, mpira n'kukagwera kuseri kwa mpanda wakumanzere. 6-6. Foni yanga inasiya kulira, onse amene ankanditumizira mauthenga anangoti zii.

Inatipulumutsa ndi mvula. Sewero linaima mphindi 17 inning ya 9 itatha, ndipo Heyward, yemwe tinamunyoza chaka chonse, ndiye anasonkhanitsa anzake m'chipinda chonyamulira zitsulo n'kuwalimbitsa mtima. Atabwerera, Schwarber anatsegula njira, Ben Zobrist anamenya mpira womufikitsa pa base yachiwiri n'kulowetsa run, Miguel Montero n'kuwonjezera run ina. Cleveland inabweza imodzi, koma Mike Montgomery anaponyera Michael Martínez, mpira unagubuduka kwa Bryant, iye n'kuuponya kwa Rizzo akumwetulira. 8-7, usiku utadutsa pakati, m'mawa wake ntchito ikudikira. Anthu amati Maddon ndi katswiri chifukwa anabweretsa chikho. Ine ndimati osewera anapambana ngakhale iye anawasokoneza masiku awiri otsatizana. Ulemu wake ndimamupatsa pa miyezi ya April mpaka September, pomwe ankasinthasintha Bryant ndi Zobrist m'malo osiyanasiyana, achinyamata n'kumasewera opanda mantha.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi ndi theka. Theka ndachotsa chifukwa cha Chapman ndi kasinthidwe ka oponya ka mu World Series.

Amene simunaione sizoniyi ndipo mukufuna kuifufuza pa intaneti, musayambire sewero la 7 ngati aliyense. Yambirani la pa 22 October pa Wrigley, la 6 ndi Dodgers, Hendricks kulimbana ndi Clayton Kershaw. Hendricks analola anthu awiri okha kumenya bwino mpaka mu inning ya 8, ndipo aliyense wa Dodgers amene anaponda base anachotsedwa pomwepo, ambiri ndi ma double play, kutulutsa awiri nthawi imodzi. Usiku wonse Dodgers inatumiza omenya 27, chiwerengero chochepetsetsa chomwe chingatheke. Zinatha 5-0, Russell kwa Báez, Báez kwa Rizzo, Cubs n'kulowa World Series koyamba chichokereni 1945.