Steering damper pa njinga ya maulendo: zomwe ndaona dzinja ndi chilimwe zitadutsa

Damper, kachipangizo kochepetsa kugwedezeka kwadzidzidzi kwa chiwongolero, ndakhala nayo pa njinga yanga yamoto dzinja lonse ndi chilimwe chonse. Tikakumana pomwetsera mafuta, anzanga okwera njinga zikuluzikulu safunsa za injini kapena matayala ayi. Amaloza kabokosi kali pansi pa chiwongolero n'kufunsa kuti, "Achimwene, kameneka kamathandizadi, kapena n'kongodyera ndalama?" Ine pa njinga yanga sindikachotsa. Koma mwa anthu amene amandifunsawo, ndi ochepa okha amene ndingawauze kuti akagule.

Njinga yake ndi ya masilinda awiri, yolemera makilogalamu oposa 200 thanki ikadzaza, tayala lakutsogolo la mainchesi 21, lakumbuyo la 18. Inabwera yopanda damper. Ndinaikapo ya mtundu wozungulira, imene imakhala pamwamba penipeni pa khosi la njinga, kamkono kake n'kukola kachitsulo koimirira komangidwa ku felemu. Nthawi zambiri ndimayenda ndekha, zikwama ziwiri zofewa m'mbali, tenti kumbuyo.

M'kabokosimo mulibe zamagetsi, mulibenso sipuling'i. Muli oyilo ndi kachitsulo kamene kamakankha oyiloyo kuti adutse pa timabowo ting'onoting'ono chiwongolero chikamatembenuka. Mukatembenuza mwaulemu, oyilo amadutsa bwinobwino ndipo simumva kanthu. Chinthu china chikakankha chiwongolero modzidzimutsa, oyilo amalephera kudutsa msanga, kabokosiko n'kulimba. Zili ngati kuyenda m'madzi ofika m'chiuno ku Senga Bay: mukamapita pang'onopang'ono mumayenda, mukati muthamange madzi amakugwirani. Ntchito yake yonse ndi imeneyi basi. Siwongola njinga, siwonjezera mphamvu imene tayala limagwirira pansi. Pamwamba pake pali kabatani kozungulitsa kochepetsera kapena kukulitsira njira ya oyilo, ndipo kamatheka kukapotokola uli paulendo.

Opanga njinga nawonso sagwirizana pa nkhaniyi. KTM 790 ndi 890 Adventure zimatuluka kufakitale zili ndi damper kale. BMW inayamba kuika damper pa R 1200 GS kuyambira njinga za 2014. Honda Africa Twin ilibe, ndipo anthu azungulira nayo Africa yonse choncho. Yamaha Ténéré 700 wamba ilibe, koma World Raid imene inatuluka mu 2022, ya thanki ya malita 23, inabwera ndi damper ya kampani ya Öhlins. Ine ndimawerengapo chinthu chimodzi apa: zimatengera kapangidwe ka njingayo, kulemera kwake ndi kumene akuganiza kuti izikayenda. Kungokhala njinga ya maulendo sikutanthauza kuti ikufuna damper.

Kumene yanga yabweza ndalama zake ndi msewu wa ku Nyika. Kuchoka ku Rumphi, kudutsa ku Bolero, kulowa pa geti ya Thazima mpaka kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ndi yadothi. Muli miyala yobisika m'fumbi, ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula zodutsa msewu mopendekeka, ndi timabampu totsatizana tija timagwedeza mano. Amene anayendapo ndi njinga yolemera akudziwa zomwe zimachitika tayala lakutsogolo likaomba mwala cham'mbali. Chiwongolero chimakutsomphoka m'manja, njinga n'kuloza kutchire, mwendo n'kutuluka wokha kufunafuna pansi. Ndi damper mumangomva kuti gu! pansi apo, chiwongolero chimasuntha pang'ono chabe n'kubwerera, njinga ikupitabe kumene inkapita. Mwalawo mumaumva ndithu, kungoti sukulandani njinga.

Ngozi imene yapewedwa palibe angailoze, ndiye sindinganene kuti damper inandipulumutsa pakuti kapena pakuti. Chimene ndingaloze ndi manja ndi mapewa madzulo. Kale pamsewu wotere ndinkafinya chiwongolero tsiku lonse poopa kuti chinditsomphoka, ndipo pofika ndinkalephera ngakhale kutsegula botolo la madzi. Panopa ndimachigwira momasuka, ndikuimirira pa zopondera, mawondo atagwira thanki. Ndipo apa pali chinthu chimene sindinachiyembekezere. Munthu akaleka kufinya chiwongolero, njinga imayenda bwino yokha, chifukwa tayala lakutsogolo limadziwongola likasiyidwa. Choncho mbali ina ya ubwino umene ndimaumva ndi wa damper, mbali ina ndi woti mtima wanga unakhala m'malo. Kugawa kuti uku n'kwa oyilo, uku n'kwa mtima, n'kovuta, koma zonse ziwiri ndimazilandira.

Pamchenga nkhani yake ili pakatikati. M'misewu ya kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene mchenga umadikha ndipo ngolo ndi magalimoto zasiya mizere, njinga yolemera imakonda kupukusa mutu, kumanzere kumanja, kumanzere kumanja, mpaka kukugwetsa. Damper imachepetsa kupukusako, makamaka mukakhala ndi kaliwiro. Koma siilowa m'malo mwa luso. Mukakhala pansi, maso ali pa tayala, n'kuchotsa moto mantha atakugwirani, mugwa ndithu ngakhale mutagula yodula bwanji. Muyenera kuimirira, thupi kumbuyo, maso kutsogolo, moto osauchotsa. Anyamata a kabaza amandidutsa pamchenga womwewo ndi tinjinga tawo ta 125, atakweza amayi ndi thumba la chimanga, alibe damper, ena alibe ngakhale nsapato zenizeni. Njinga zawo n'zopepuka ndipo mchengawo anakulira momwemo. Ndinaonanso kuti ndikalimbitsa kwambiri kabatani kaja, tayala likalowa mumzere wolakwika ndimachedwa kulitulutsa. Pamchenga ndimangowonjezera pang'ono kuposa pamiyala, osapitirira apo.

Pa Gorodi, kukwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, ndimaichepetseratu ndisanayambe chitunda. Makona akuthwa pafupifupi 20 aja amafuna giya yoyamba ndi chiwongolero chomasuka mpaka kumapeto, ndipo damper yolimba pamalo otere imangokulemetsani manja pachabe. Ma damper ena opangira zamtchire, monga a Scotts, amagwira chiwongolero chikamachoka pakati koma amachisiya chimasuke pobwerera, zomwe zimathandiza pamakona otere. Pogula funsani zimenezi.

Pakatondo wonyowa m'mwezi wa Januwale palibe chimene imachita. Tayala likaterereka latereka.

Ndiye pali msewu wa tala, kumene ambiri a ife timathera nthawi yochuluka ngakhale njinga zathu zili zamtchire. Apa ndi pamene anthu amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kunjenjemera kwa kutsogolo kokha, kwa changu, chiwongolero chikugwedezeka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kumeneku kumabwera mukaomba bampu kapena mphepete mwa dzenje kutsogolo kutapepuka, kapena mukamasula manja liwiro likutsika. Kukakula, chiwongolero chimamenya uku ndi uku mpaka kumapeto, ndipo munthu sangachigwire. Damper inapangidwira kumeneku ndipo imakuthetsadi. Pa M1 ndaomba maenje obisika mumthunzi wa mitengo ndili pakona, njinga inagwedezeka kamodzi n'kukhazikika.

Koma palinso kuyenda mwanjokanjoka kwa njinga yonse, kumene kumayambira kumbuyo, kochedwerapo, kawiri kapena katatu pa sekondi, ndipo kumabwera pa liwiro lalikulu makamaka mutasenza katundu. Kumeneku damper sikuchiza, ndipo ikalimba kwambiri imatha kukuwonjezera. Ndinayesa dala tsiku lina pamalo owongoka pakati pa Kasungu ndi Jenda, nditanyamula zigubu za madzi ndi zida kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tenti. Njinga itayamba kugwedeza m'chiuno ndinapotokola kabatani kulimbitsa, ndipo kugwedezekako kunangokula. Ndinaima pambali, zida ndinaziika pansi m'zikwama zam'mbali, madzi ndinawasendeza kufupi ndi msana wanga, n'kuwonjezera kulimba kwa sipuling'i ya kumbuyo. Zinathera pomwepo, damper ili pa mlingo wake wa masiku onse.

N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti njinga yake ikugwedezeka ndiye akufuna damper, ndimayamba ndamufunsa zina. Mnzanga wina anali atatsala pang'ono kuitanitsa yake ku Johannesburg. Tinapita naye kwa makaniko wathu, bambo wachikulire amene wakhala akukonza njinga kuyambira ife tili ana. Anaimika njingayo kuti tayala lakutsogolo lichoke pansi, n'kukankha chiwongolero ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Chitafika pakati chinaima chokha, ngati chagwera m'kadzenje. "Bwana, taonani apa," anatero. "Maberingi a pakhosi atha. Mukaika chinthu chanucho mungobisa matenda." Atamasula tinapeza girisi yense atauma, fumbi ndi dzimbiri zokhazokha. Maberingi atsopano anamudyera kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa damper, ndipo kugwedezeka kunatha.

Zinthu zina zoyamba kuziona n'zodziwika koma timazinyalanyaza. Tayala lakutsogolo la zigoba zikuluzikulu likayenda kwambiri pa tala limatha mosafanana, chigoba china chachitali china chachifupi, ndipo limanjenjemeretsa njinga. Mpweya umene munachepetsa pamchenga n'kuiwala kupopanso pobwerera pa tala umachita chimodzimodzi. Masipoko omasuka, rimu yopindika pa dzenje, tayala losakhala bwino mu rimu, zonsezi zimafika m'manja. Chachikulu kwambiri kwa ife onyamula katundu ndi shoko ya kumbuyo. Njinga ikakhala ndi wokwera ndi katundu wake iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mayendedwe onse a shoko. Ikatsika kuposa apo, kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumapepuka, ndipo tayala lopepuka ndi limene limavina. Amene amakweza mayi a kunyumba ndi zikwama ayambe waona sipuling'i asanaganize za damper.

Pa kasamalidwe, si chinthu chovuta koma si choika n'kuiwala. Kachitsulo kamene kamkono kamakola kamafuna girisi pafupipafupi, makamaka m'fumbi la mwezi wa Okutobala. Kakauma mumayamba kumva kuti tswii potembenuka ndipo chiwongolero chimagwiragwira. Mabawuti omangira ku felemu anamasuka kamodzi nditabwera ku Nyika, ndiye tsopano ndimawayesa ndi sipanala ulendo uliwonse waukulu ukatha. Chakumapeto kwa chilimwe ndinaona kathukuta ka oyilo pamene kamkono kamatulukira. Sikudontha, koma ndi chizindikiro choti nthawi yosintha oyilo ndi timalabala ikuyandikira, ndipo timalabala take ndiyenera kuitanitsa kunja. Amene mukuganiza zogula muwerengeretu zimenezi pamodzi ndi mtengo wake, umene ukafika kuno, kuphatikiza zomangira, mayendedwe ndi msonkho, umaposa matayala abwino awiri.

China chimene sindinachikonde poyamba ndi choti damper yokhala pansi pa chiwongolero imachikweza m'mwamba. Poimirira zimandikomera chifukwa ndine wamtali, koma pokhala pansi mapewa anatenga nthawi kuti azolowere, ndipo chingwe cha kilachi tinachita kuchidutsitsa kwina kuti chisakokeke. Wamfupi ayese kaye njinga ya mnzake. Mtundu wina wa damper, wautali, wokhala ndi kandodo kolowa ndi kutuluka, monga amapanga a Öhlins ndi a Hyperpro, sukweza chiwongolero, koma umafuna malo otetezeka kuti miyala ndi kugwa zisaupinde.

Ndiye ndani agule? Ngati maulendo anu ndi a Lilongwe ndi Blantyre, nthawi zina kukhotera pafumbi makilomita ochepa kukaona makolo, ndalamazo ikani pa matayala, pa sipuling'i yogwirizana ndi kulemera kwanu ndi pa nsapato zoteteza akakolo. Damper muzingoiyang'ana osaimva. Ngati njinga yanu inabwera nayo kale, isiyeni pomwepo, opangawo anali ndi chifukwa. Koma ngati mumayenda masiku otsatizana pamiyala ndi pamchenga ndi njinga yolemera yosenza katundu, zina zonse zija mwazikonza, ndipo chomwe chatsala ndi chiwongolero chokutsomphokani mwala ukabisala, pamenepo ndiye malo ake. Ine ndili m'gulu limeneli, n'chifukwa chake ikadali pa njinga.

Mukaika, musananyamuke imikani njinga tayala lakutsogolo lili m'mwamba n'kutembenuza chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Chiyenera kukaima pa zoimitsira za njinga zomwe zili pa felemu. Chikaima msanga chifukwa damper yafika polekezera, ndiye kuti tsiku limene mudzagwe mphamvu yonse idzathera m'kabokosimo n'kuthyola za m'kati. Onaninso kuti zingwe za moto ndi za kilachi sizikukokeka, kenako yambani ndi kabatani kali pofewa, muziwonjezera pang'onopang'ono pamsewu umene mumaudziwa.