Kawailesi ka sola ndinagula ku Ulongué, miyezi itatu yatha

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za kawailesi kaja ndinagulira bambo anga, kuti kodi ndi kolimba kapena ndi zija za masabata awiri kenako zii. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha.

Ndinakagula pa msika wa ku Ulongué mwezi wa June, mametikali 900. Mnyamata wogulitsayo anayambira pa 1,200 koma tinanenerera mpaka anati "tengani achimwene, bola mudzabwerenso." Ndi tija ta ku China topanda dzina lodziwika, kali ndi kasola kumsana, tochi kutsogolo, polowetsa memori khadi, polowetsa flashi, Bluetooth, ndiye mabandi atatu FM, AM ndi SW (shortwave, bandi yokoka masiteshoni a kutali).

Batire ndiye sindinama, ndi yabwino. Mukakayanika padenga la khola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kamalira madzulo onse mpaka bambo agone, nthawi zina amaiwala kutseka ndiye timakapeza m'bandakucha kakuyankhulabe kokha. Masiku a nkhungu aja a July kuno ku Angónia sola imagonja, pamenepo timangotchaja ndi chaja ya foni. Sipika ndi ya pakati mpakati, mawu a munthu amamveka bwino kwambiri koma nyimbo mukakweza voliyumu mpaka kumapeto kamayamba kunjenjemera ngati chitini. Chimene chinandikhumudwitsa ndi eriyo, inagweduka patsinde sabata yachitatu, pano tinamanga ndi waya wa kopa ndi kalabala ka njinga.

FM imakoka bwino. Rádio Moçambique ya ku Tete imamveka, nkhani za m'Chinyanja bambo saphonya, ndipo poti malire ali pafupi MBC ndi Zodiak za ku Malawi zimalowanso, makamaka mukakakweza pazenera. Koma bambo chimene ankafuna kwenikweni ndi SW, ndipo apa mpomwe mtima unandiwawa.

Tsiku loyamba anakhala pampando wawo wa ndalema uja, magalasi pamphuno, akupotokola kabatani pang'onopang'ono kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, khutu ataligunditsa pa sipika. Phokoso lokhalokha, mlaliki wina wachizungu, chiyankhulo china chosamveka, basi. Kenako anati "mwana wanga, kale apapa pankakhala LM." Iwowo ali mnyamata ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Beira, ndiye usiku abwana akagona ankatsegula LM Radio motsitsa kukhitchini. Kwa amene simukuidziwa, imeneyi inali wailesi ya malonda youlutsa kuchokera ku Lourenço Marques, Maputo ya lero, inkaimba rock ndi pop, za ma Beatles ndi Rolling Stones, ndipo achinyamata a ku Joni ndi ku Rhodesia ankaimvera kwambiri chifukwa wailesi ya boma la kwawo inkaumira nyimbo zotere. Makampani a ku South Africa ndi amene ankalipira malonda, ndalama zake zinali zimenezo. Inatsekedwa mu October 1975 dziko litangolandira ufulu, chaka chomwecho Rádio Clube de Moçambique inasanduka Rádio Moçambique, ndipo ku South Africa m'malo mwake munabwera Radio 5 imene pano ndi 5FM. Dzina la LM linadzabwereranso ku Maputo patapita zaka zambiri, pa FM, koma kuno kumudzi kwathu kawailesika sikaigwira.

Ndiye vuto si kawailesika ayi, kakugwira ntchito yake, koma zoti kakoke ndi zimene zikuchepa. Wailesi ya malonda imadya kwa otsatsa malonda, otsatsawo anasamukira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ineyo amene, mbewu ya mbatatesi ndikafuna kugulitsa ndimangoika pa status, mamega a Movitel a tsiku limodzi akwana, pamene kale ndikanapita ku siteshoni kukalipira uthenga. Achinyamata nawo nyimbo sadikiranso muulutsi, ali ndi YouTube, ali ndi TikTok, wopanda mamega ali ndi memori. Sikuti ndi kuno kokha, ku America komwe rock inali ngati nsima pa wailesi, kampani ya mawailesi yaikulu kuposa onse iHeartMedia inakalengeza kukhoti kuti ngongole zaikulira mu 2018, Cumulus inali itatero kale mu 2017, Audacy nayo mu January 2024. Anzathu a ku Malawi mu 2022 MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi kumeneko, inalanda ziphaso mawailesi angapo chifukwa cholephera kulipira ndalama za laisensi. Nanga ngati akuluakulu oterowo akulira, kasiteshoni ka m'boma kodalira mauthenga a maliro ndi moni wa pa Sabata kapirira bwanji.

Pali siteshoni ina timaikonda kwathu, dzina sinditchula, mwezi wa August inakhala masiku anayi chete. Titafunsa akuti chipangizo china chinapsa ndipo ndalama yokonzera panalibe. Sabata yomweyo kunagwa maliro a achibale athu kumudzi wina, uthenga unatipeza mochedwa chifukwa ankadalira kuti tiumva pa wailesi monga mwa nthawi zonse, ndipo kumene bambo amakhala netiweki mpaka ukwere pachulu. Tinafika ataika kale. Anyamata oulutsa pamenepo ambiri ndi ongodzipereka, ndimawaona akubwera pa njinga m'mawa kukuzizira, ndiye sindingawanene, koma zimapweteka ndithu.

Pano bambo nyimbo zawo akumvera pa memori. Mnyamata wina wa pa baraka yoika nyimbo anandisakira zakalezo pa kompyuta yake, anandiuza mametikali 50, ndinapereka mosanyinyirika. Kawailesika kamawerenga memori ya 16GB popanda vuto, kungoti kalibe sikirini yoonetsa dzina la nyimbo ndiye kuti mupeze imene mukufuna ndi kudina kudina mpaka ifike, komanso mukatseka kamayambiranso nyimbo yoyamba. Bambo amadandaula kuti nyimbo zopanda munthu woyankhula pakati sizikoma, akuti umakhala ngati uli wekha m'nyumba. Nthawi ya nkhani ikakwana amazula memori ija, kuikulunga pa kapepala, kuika m'thumba la shati, kenako kubwerera pa FM.

Ngati mukufuna kugula, gulani, pa mtengo umenewo sikuluza. Koma musanapereke ndalama sololani eriyo yonse muone patsinde pake ngati ndi polimba, ndipo muuzeni wogulitsa alowetse memori yanuyo pompo muimve, chifukwa koyamba kamene anandipatsa sikankawerenga, tinachita kusintha. Mwezi wamawa ndikagulitsa nyemba ndikukatenga kena ka azakhali a ku Tsangano, iwo akufuna kofiira.