The Voyage of the Beagle: nyenyezi 4 mwa 5, koma funsani ngati ndi la 1845

Bukuli, limene Charles Darwin analemba za ulendo wake pa sitima ya pamadzi yotchedwa Beagle, ndinaliitanitsa pa intaneti chifukwa cha ana anga a Fomu 4. Chaka chilichonse tikafika pamutu wa kusintha kwa zamoyo, ndimawauza za Darwin ndi timbalame ta ku zilumba za Galápagos, koma zonse ndimangozitapa m'mabuku a sukulu. Ndinati ndimve kwa mwini wake.

Ndiyambe ndi katundu amene ndinalandira. Linafika patadutsa milungu itatu, litakulungidwa bwino, lopanda chinyontho. Koma ndi lija lotchipa, la chikuto chofewa, ndipo zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Usiku magetsi akazima, kuwerenga ndi tochi ya foni ndi chilango. Guluu wake ndi wosalimba; ndisanafike theka masamba a chaputala cha ku Patagonia anali atayamba kale kuthothoka. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti mulibe mapu. Buku la ulendo wozungulira dziko lonse, wa zaka pafupifupi zisanu, lopanda mapu! Ndinachita kubwereka atlasi ku laibulale n'kumatsata ndi chala: kuchoka ku Plymouth, ku England, pa 27 Disembala 1831, Cape Verde, Brazil, kutsika mpaka Tierra del Fuego, kukwera ku Chile, kenako Galápagos, Tahiti, Australia, Mauritius, Cape Town, mpaka kukafika ku Falmouth pa 2 Okutobala 1836. Nyenyezi imodzi ndaichotsera pamenepa.

Zam'kati ndiye ndilibe nazo mlandu, koma musaligule muli ndi maganizo amene ndinali nawo ine. Ndinkayembekeza kupeza Darwin atakhala pamwala ku Galápagos, nzeru zitamutsikira. Mulibe zimenezo. Amene mumakumana naye ndi mnyamata wa zaka 22 amene ananyamuka akukonzekera zaubusa, wokonda kusaka ndi mfuti, ndipo mtima wake uli pa miyala kuposa pa mbalame. Kaputeni Robert FitzRoy anamupatsa buku la Charles Lyell, katswiri wa miyala, lonena kuti nthaka imasintha pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali zedi, ndipo kuyambira pachilumba cha St Jago, pomwe anaona mzere woyera wa zigoba za m'nyanja uli pamwamba paphompho, maso ake ali pa zimenezo. Chivomerezi cha pa 20 Febuluwale 1835 chinamupeza atagona m'nkhalango ku Valdivia, ku Chile. Atafika ku Concepción anapeza mzinda uli bwinja, ndipo gombe litakwera. Patapita milungu yochepa akuwoloka mapiri a Andes anapezanso zigoba pamwamba penipeni. Mukuwerenga, mumaona munthu akuzolowera kuganiza za nthawi yaitali yosawerengeka, ndipo popanda chizolowezi chimenecho buku lake la 1859 lonena za kusintha kwa zamoyo, On the Origin of Species, silikanabadwa.

Pali malo amene ndinaseka ndekha. Ku Uruguay anagula chigaza cha chinyama chachikulu chimene chinatha kalekale, Toxodon, pamtengo wa mapeni 18. Anachipeza ana a pafamupo atachigulula mano ndi miyala, n'kuchiimika kuti azichigenda. Ndinangokumbukira ana a kwathu ndi malegeni awo. Richard Owen, katswiri wa mafupa a nyama ku London, ndiye anadzachifotokoza bwino. Ku Port Desire nako, ku Patagonia, Darwin anali atafunafuna mbalame ina yonga nthiwatiwa koma yocheperako, imene anthu a kumeneko ankamuuza. Mnzake wina anawombera imodzi, anaiphika, anaidya, ndipo m'pamene Darwin anakumbukira kuti ndi yomwe ija. Anatolera mutu, khosi, miyendo, mapiko ndi nthenga zotsala, ndipo zotsalira za ndiwozo ndi zimene zinakakhala mtundu watsopano m'mabuku. Komatu nkhani ziwirizi si zoseketsa chabe. Zinyama zakufa kale zofanana ndi zamoyo za dera lomwelo, komanso mitundu iwiri ya mbalame yofanana ikulowana m'malo pamene munthu akupita kumwera, ndi zina mwa zimene zinamusowetsa mtendere atabwerera kwawo.

Ku Galápagos anakhalako milungu isanu yokha, m'chaka cha 1835, ndipo anaponda zilumba zinayi. Amafotokoza mmene ankakwerera pamsana pa afulu akuluakulu, ndi mmene anaponyera buluzi wa m'nyanja m'madzi mobwerezabwereza, iye n'kumabwerera pamalo omwewo. Mkulu wina woyang'anira kumeneko, Lawson, anamuuza kuti akangoona fulu amadziwa chilumba chimene wachokera. Darwin akuvomera yekha kuti poyamba sanazilabadire. Timbalame tonga mpheta tija, timene timadzaza mabuku athu a sukulu, sanatilembe n'komwe kuti kalikonse kachokera chilumba chiti. Ndi John Gould, katswiri wa mbalame ku London, amene mu 1837 anamuuza kuti timbalame ta milomo yosiyanasiyanato n'tapachibale, mitundu yoposa khumi. Kuvomera kulakwa kotereku ndi kumene kunandikopa. Ndinawerengera ana anga gawo limeneli, kenako tinakambirana za mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi, mitundu mazanamazana, ina yokokota ndere pamiyala, ndipo mwala uno ndi uwo nsomba zake zosiyana mtundu. Kalasi imene imagona masana inadzuka.

Apa m'pamene pali chenjezo langa. Bukuli lili pawiri. Loyamba linatuluka mu 1839, ngati gawo lachitatu la lipoti la maulendo a sitimayo. Lachiwiri ndi la 1845, limene Darwin analikonzanso ali kale ndi maganizo ake mumtima koma asanawaulule. M'lachiwirili ndi mmene muli chithunzi cha mitu inayi ya timbalame tija, ndi chiganizo chotchuka chonena kuti munthu angaganize ngati mtundu umodzi unatengedwa n'kusinthidwa kuti ugwire ntchito zosiyanasiyana. Ogulitsa ambiri salemba kuti akugulitsa liti, chifukwa dzina la pachikuto ndi limodzi, ndipo dzinalo linabwera mwini wake atamwalira kale. Langa ndinachita mwayi, ndi la 1845. Inu funsani musanalipire.

M'la 1845 mulinso masamba amene amadzudzula ukapolo mwaukali, akukumbukira za gogo wina ku Rio de Janeiro amene ankasunga tizitsulo tofinyira zala za akapolo ake aakazi. Koma munthu yemweyo akafika pa anthu a ku Tierra del Fuego amalemba mawu onyoza amene anandiwawa, ngati akunena za nyama. Sindinadumphe masamba amenewo, ndipo ana anga ndinawawerengeranso, chifukwa nawonso ndi mbali ya munthuyo ndi nthawi yake.

Chingelezi chake n'chakale, ziganizo zitalizitali, ndipo machaputala ena a miyala amatopetsa. La zilumba za makorale ndinaliwerenga kawiri kuti ndimve. Mwana wa sekondale payekha akhoza kulitaya pa tsamba la makumi atatu. Kwa mphunzitsi, kapena aliyense wodekha, ndalama yake siipita pachabe. Alfred Russel Wallace, wasayansi wina amene payekha anafika pa maganizo ofanana ndi a Darwin, naye analiwerenga asanapite ku Amazon, ndipo mu 1858 maganizo a awiriwa anawerengedwa limodzi ku Linnean Society, bungwe la akatswiri a zamoyo ku London.

Langali ndalimata ndi selotepi, ndipo mapu ndajambula ndekha papepala n'kulowetsa m'kati mwa chikuto. Ndikadzagulanso ndidzafuna la chikuto cholimba, la zilembo zooneka.