Bunda, Mzuni kapena Mpwepwe: kophunzira ulimi wa nsomba ngati kwanu ndi ku Dedza

Ana a Fomu 4 akamafunsa za maphunziro a nsomba, mayina amene amatuluka ndi atatu, ndipo sakukonzekeretsa munthu ntchito imodzi.

Bunda, yomwe ili pansi pa LUANAR, ndiyo yapafupi. Kuchoka pa Dedza boma mumsewu wa M1 mumatsikira pa Bunda Turn-off musanalowe mu Lilongwe, n'kulowera njira ya ku Mitundu. Digiri yake ya ulimi ndi sayansi ya nsomba ndi ya zaka zinayi. Amasankha kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo pamafunika makirediti 6 a MSCE. Chingelezi, Masamu ndi Biology zikafooka mwayi umachepa. Mphamvu ya Bunda ndi madamu ndi malo oswetsera nsomba omwe ali pasukulu pomwepo, komanso likulu la kafukufuku la AquaFish. Wofuna kudzapanga mbewu ya nsomba ayambe kuganiza za kumeneku.

Ku Mzuzu University nakonso ndi zaka zinayi, koma maphunziro ake ndi otambasuka: usodzi wa m'nyanja, kuwerengera nsomba zotsala m'madzi, chilengedwe cha m'madzi, ulimi wa m'madamu n'kukhala gawo limodzi. Ngabwino kwa woloza kafukufuku kapena kasamalidwe ka nyanja. Mtengo wa thiransipoti patchuthi chilichonse muuwerengeretu.

Malawi College of Fisheries ya ku Mpwepwe, ku Mangochi, ndi ya Dipatimenti ya Zausodzi. Kuchokera kuno mumatsikira pa Khwekhwerere, kudutsa Golomoti. Imaphunzitsa kwa nthawi yocheperapo ndipo ambiri otuluka kumeneko amakhala alangizi. Manja amazolowera ukonde ndi bwato msanga, kungoti pepala lake silikukwezani pantchito ngati digiri.

Koma sukulu iliyonse muifunse funso limodzi: wophunzira amaswetsa yekha nsomba kangati asanamalize? Ntchito ya kuhatchale, malo oswetsera nsomba, siikhululuka. Makumba amafungatira mazira m'kamwa, ndiye mumaika tonde mmodzi pa zazikazi ziwiri kapena zitatu mu hapa (kakhola ka ukonde koika m'damu), n'kumayang'ana m'kamwa mwa zazikazi pakapita masiku ochepa. Chilunguni sichitero, chimaikira pansi, ndipo wosadziwa amataya nthawi kutsegula pakamwa popanda kanthu. Mlamba ndiye umafuna jakisoni: mankhwala okhwimitsa mazira a Ovaprim, theka la mililita pa kilogalamu ya yaikazi, kufinya mazira patapita maola pafupifupi 12 madzi akakhala ofunda, kupha yaimuna kuti mupeze umuna. Mazira amaswa pakatha tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono. Mukachedwa kusankha tiana malinga ndi msinkhu, tikulutikulu timadya tinzake mpaka beseni kutsala la mimba zotupa zowerengeka. Izi sizilowa m'mutu pa bolodi. N'chifukwa chake atachimenti ya ku National Aquaculture Centre ku Domasi kapena ku Maldeco ndi yoimenyera nkhondo, kaya muli sukulu iti.

Palinso vuto lathu lakuno. Madzi akazizira kutsika madigiri 20, makumba amasiya kuswana ndipo amadya monyinyirika. Ku Bembeke kapena Tsangano, June ndi July nsomba zimangokhala duu pansi pa damu, madeya n'kumawola pamwamba. Wophunzira ku Mpwepwe, komwe madzi ndi ofunda, akabwera ndi kalendala ya kunyanja amadabwa. Wa ku Bunda amakhala atalawako chisanu chofananako. Hatchale imayenda bwino kumunsi, ku Mtakataka, Golomoti kapena m'chigwa cha Bwanje. Kumtunda pamafunika kukuta matanki ndi pulasitiki, apo ayi kungogula tiana mu September n'kuika awiri kapena atatu pa sikweya mita.

Za matenda musazidumphe posankha: EUS, nthenda ya zilonda pa nsomba, itapezeka ku Mchinji mu 2020 inasonyeza kuti wodziwa kuthira laimu, kuumitsa damu ndi kupatula mbewu yachilendo ndi amene mwini famu amamufuna. Pa zimenezi labu ya yunivesite imaposa Mpwepwe.