Miyezi 9 ndikuphunzira printmaking, ndabweranso ndi chilungamo

Paja mu February ndinanena kuti ndasankha printmaking (luso lokonza chithunzi pa plate nkumachidinda pa mapepala) pa digiri yanga ya fine art kuno ku Joni, ena mumvekere "ndiye uzikadinda ma t-shirt eti?" kkkk. Pano yakwana miyezi 9 ndiye ndati ndikuuzeni mmene zikuyendera.

Kujambula kwenikweniko nkochepa abale. Tsiku lambiri limathera kupukuta plate, kunyika mapepala mmadzi, kutsuka ma roller, ukamatuluka mu studio zikhadabo zili biii ngati makaniko wa pa Ndirande, sopo sachita kanthu. Ndipo chilichonse chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi, sabata yoyamba ndinasema mawu tsiku lonse osawatembenuza, nditadinda anawerengeka chammbuyo, ndinangokhala pansi.

Etching ndi yokoma koma imadya ndalama. Umapaka plate ya kopa ground (phula loteteza kopayo), kukanda chithunzi ndi singano, kenako kuinyika mu mankhwala a ferric chloride kuti idye mizere ija, ukaiwala nthawi basi yapsa, palibe kubweza. Kopa ngodula, pepala la Fabriano ngodulanso, likaonongeka limodzi mtima umachita kuwawa. Lithography ndiye ayi, sitigwirizana. Nzeru yake ndi yoti mafuta ndi madzi sizisakanikirana, anaitulukira Alois Senefelder mu 1796, zabwino, koma kupala mwala wojambulapowo mpaka usalale ndi ntchito ya maola, msana wanga unakana.

Chomwe chandigwira mtima ndi linocut, kusema chithunzi pa lino (chinthu chofewerako ngati labala) nkudinda. Poyamba ndinkaiderera kuti ndi ya ana a sukulu mpaka aphunzitsi anationetsa ntchito za John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira ku Rorke's Drift ku KwaZulu-Natal, zakuda ndi zoyera basi koma munthu kufotokoza nkhani yonse mpaka kusema ndi mawu omwe pachithunzipo. Ndinasiya matama tsiku lomwelo. Komanso ndikaganiza za kumudzi, etching ndi litho zimafuna press, chitsulo cholemera chodindira chija ndikachipeza kuti ndikamaliza sukulu? Pomwe lino umangopaka inki, kuika pepala pamwamba nkumatikita ndi kumbuyo kwa supuni, ndinayesa ndi chipande chomwe ndimaomolera nsima ku hostel ndipo chinatulutsa bwino kuposa supuni, anzanga mpaka kumabwereka.

Timipeni tosemera totchipa tomwe ndinagula koyamba tinabuntha pa mwezi umodzi, kamodzi kanaterereka nkundibaya chala. Ndinadzimana nkugula tiwiri ta Pfeil, mpaka pano tikudula ngati lumo bola kumanola.

Ndagulitsako ma print atatu mwa khumi, nthawi yoyamba kulemba 1/10 ndi pensulo pansi dzanja linanjenjemera. December ndikupita kumudzi ndi mapisi a lino mchikwama, nkhawa yanga ndi inki kuti isakatayikire zovala mu basi tisanafike ndi pa Mwanza pomwe.